Dashibodi ya olemba mabuku: mmene mungaipangire kuti asamaganize kuti mukuwadyera ndalama

Funso ili landifika kambirimbiri moti ndatopa kulemba yankho lomwelomwelo, nde ndaganiza zongolemba kamodzi basi, wina akandifunsanso ndizingomupatsa izi awerenge yekha. Funso lake limakhala loti "tikupanga pulatifomu yoti anthu azidzisindikizira okha mabuku, dashibodi ya wolemba tiikemo chani?" Ndipo kawirikawiri wofunsayo amabwera atajambula kale zinthu mu Figma, pulogalamu yojambulira mmene skirini idzaonekere, ma gilafu anayi okongola pamwamba, mapu a dziko lonse osonyeza komwe mabuku agulidwa, mitundu yowala bwino, koma ndikamufunsa kuti nambala yayikulu ili pakonayo ikutanthauza chani kwenikweni, ndalama zomwe wolemba alandire kapena zomwe ogula alipira, amayamba kukanda mutu.

Timvane kaye mawu atatu chifukwa ndiwatchula pafupipafupi. Dashibodi ndi tsamba lija wolemba amafikirapo akangolowa mu akaunti yake. Royalty ndi gawo la mtengo wa buku lomwe limatsalira wolemba, sitolo ndi pulatifomu zikachotsapo zawo. Metadata ndi zonse zofotokoza bukulo zomwe si nkhani yeniyeniyo, monga mutu, dzina la wolemba, chinenero, gulu lomwe bukulo likugwera ndi mawu omwe anthu angalifufuzire.

1. Figma itsekeni kaye, pezani olemba enieni

Munthu akatsegula dashibodi amakhala ndi mafunso atatu okha m'mutu. Buku langa lili pati? Lagulidwa kangati? Ndalama zanga ndi zingati ndipo zifika liti? Chilichonse chomwe sichikuyankha limodzi mwa mafunso amenewa chidikire panja mpaka mutamaliza zofunikazo.

Pezani olemba asanu mukhale nawo pansi mmodzimmodzi. Jakob Nielsen, katswiri wofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito mapulogalamu, analemba m'chaka cha 2000 kuti anthu asanu amakwanira kukuululirani mavuto ambiri a dizayini, ndipo ine ndaona kuti pofika wachinayi mumayamba kumva madandaulo obwerezabwereza. Koma asanuwo asakhale ofanana. Mmodzi akhale woti akutulutsa buku loyamba, wina akhale ndi mabuku makumi atatu otsatizana, wina wosindikizira anzake yemwe ali ndi mayina ambiri pa akaunti imodzi, wina woti zonse amapangira pa foni. Musawafunse kuti "mukufuna chani", chifukwa aliyense amangoyankha kuti ma gilafu. Apempheni akuonetseni mmene amawerengera ndalama zawo panopa. Ambiri atsegula ka Excel kawo komwe amakopamo manambala pamanja mwezi ndi mwezi, ndipo mizati ya mu Excel imeneyo ndi yomwe ikukuuzani zoti mupange. Ijambuleni ngati alola.

2. Shelefu ya mabuku, ndi pomwe buku lafika

Cholakwa choyamba chomwe ndimachiona chimachitika mu database, momwe pulatifomu imasungiramo zinthu zake zonse, skirini isanajambulidwe nkomwe. Anthu amapanga tebulo limodzi la "mabuku" basi, nde ebook ya nkhani ija imakhala buku lina, lachikuto chofewa lina, lachikuto cholimba lina, lomvetsera lina, wolemba wa mabuku khumi akalowa amapeza mizere makumi anayi yobalalika ndipo sangadziwe kuti nkhani imodzi yamubweretsera zingati pamodzi. Pangani magawo atatu. Pamwamba pakhale ntchito yeniyeniyo, pansi pake mitundu yomwe yatulukira, pansi penipeni masitolo omwe mtundu uliwonse ukugulitsidwa. ISBN, nambala yozindikiritsa buku pa dziko lonse, yomwe kuyambira 2007 ili ndi manambala 13, imamatidwa pa mtundu osati pa ntchito, lachikuto chofewa ndi lachikuto cholimba sizigawana ISBN imodzi. Ndipo si ebook iliyonse yomwe imakhala nayo, pa Amazon ebook imayenda ndi nambala yawo yotchedwa ASIN, nde musaumirize kuti bokosi la ISBN lidzazidwe paliponse.

Kenako lembani papepala malo onse omwe buku lingaime. Likulembedwabe. Latumizidwa ndipo likuunikidwa. Labwezedwa kuti likonzedwe. Lili pamsika. Lachotsedwa. Ambiri amathera pomwepa, koma pali lina lomwe amaliiwala ndipo ndi lomwe limasokoneza kwambiri: buku lili pamsika kale, wolemba wakonza zolakwika ziwiri zitatu watumiza fayilo yatsopano, panopa yakale ikugulitsidwabe pamene yatsopano ikuunikidwa. Mukangolemba kuti "likuunikidwa" munthuyo mtima umakwera m'mwamba akuganiza kuti buku lake lasowa pamsika tsiku lomwe walengeza kwa owerenga. Lembani zonse ziwiri, kuti lili pamsika ndipo zosintha zikudikira.

Pomwe buku likudikira, nenani kuti lidikira nthawi yayitali bwanji. Kindle Direct Publishing, pulatifomu ya Amazon yodzisindikizira mabuku yomwe anthu amangoti KDP, imauza olemba kuti kuunika kutha kutenga mpaka maola 72, ndipo kungonena zimenezo kumachepetsa ma imelo ofunsa. Ngati mumatumiza mabuku ku masitolo angapo ngati mmene kampani ya Draft2Digital imachitira ndi Apple Books, Kobo ndi Barnes & Noble, sitolo iliyonse ikhale ndi mzere wake, chifukwa buku litha kukhala pamsika kwina pamene kwina lakanidwa.

Buku likabwezedwa, uthenga wake unene tsamba lake ndi chochita. "Fayilo yanu ili ndi vuto" si uthenga, ndi chipongwe. Nenani kuti chithunzi cha pa tsamba 47 chalowa m'mphepete modulidwa, chisunthireni mkati, kenako ikani batani lokwezera fayilo ina pompo.

3. Kukweza buku ndi kuika mtengo

Apa sindichedwapo kwambiri chifukwa malangizo ambiri amafotokoza kale. Gawani ntchitoyi patatu, metadata, mafayilo, mtengo, ndipo chilichonse chizisungika chokha munthu akamalemba, palibe chowawa ngati kulemba ndime zitatu zofotokoza buku kenako intaneti kuduka zonse nkusowa. Fayilo ya EPUB, yomwe ndi fayilo ya ebook, muyidutsitse mu EPUBCheck, pulogalamu yofufuza zolakwika m'mafayilo amenewa, koma zomwe EPUBCheck ikutulutsa musaziponye pamaso pa wolemba momwemo, zimalembedwa m'chilankhulo cha opanga mapulogalamu, zimasulireni. Pa buku losindikiza papepala pemphani za mkati kaye kenako chikuto, chifukwa kukula kwa msana wa buku kumadalira kuchuluka kwa masamba ndi mtundu wa pepala, nde mukadziwa masamba mutha kumupangira munthu template yeniyeni yokhala kale ndi bleed, kampata kaja ka 0.125 inchi komwe kamadulidwa m'mphepete. Zithunzi zikhale 300 DPI, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, zikachepera muchenjezeni asanatumize. Ndipo zinthu zomwe sizisinthika buku likatuluka, monga ISBN ndi saizi ya pepala, ziikeni chizindikiro cha loko munthu asanadine batani lomaliza.

Chomwe ndikufuna muchite mosamala ndi bokosi la mtengo. Munthu akamalemba mtengo, pansi pake pazioneka pompopompo kuti pa buku lililonse alandira zingati, ndi masamu ake poyera. Tengani chitsanzo cha KDP, yomwe kwa zaka zambiri yakhala ndi ma royalty awiri pa ebook, 35% ndi 70%, ndipo 70% ija ku Amazon.com kwa zaka zambiri inkagwira pa mitengo ya pakati pa $2.99 ndi $9.99, atachotsapo kaye ndalama yotumizira fayilo ya $0.15 pa MB iliyonse. Nde tiyerekeze fayilo ya 2 MB. Pa $9.99 mumachotsa $0.30 kutsala $9.69, 70% yake ndi $6.78. Munthu yemweyo akati ndikweze pang'ono afike $10.99, wagwera ku 35% ndipo alandira pafupifupi $3.85. Wakweza mtengo ndi dola imodzi, wataya pafupifupi madola atatu pa buku lililonse. Pulatifomu yanu ikhala ndi malamulo ake ake, koma ngati muli ndi maenje otere, dashibodi iziwakuwa mokweza munthu asanagweremo. Komanso m'mayiko omwe mtengo wa pa sitolo umaphatikiza VAT, royalty imawerengedwa VAT itachoka, nde onetsani mzere umenewonso.

4. Ndalama. Apa khalani pansi bwino

Ili ndi gawo lomwe malangizo ambiri amalidumpha, amangoti "onetsani zomwe wolemba wapeza" ngati kuti ndi nambala imodzi. Si imodzi, ndi zinayi, ndipo sizifanana.

Yoyamba ndi maoda, kuchuluka kwa mabuku omwe anthu adina kuti agule. Yachiwiri ndi royalty yoyerekeza, yomwe mwawerengera kuchokera pa maoda aja. Yachitatu ndi royalty yotsimikizika, mwezi utatsekedwa ndipo malipoti onse atafika. Yachinayi ndi ndalama yomwe yalowadi ku banki. Pakati pa iliyonse ndi inzake pali zinthu zomwe zimadya kapena kusuntha manambala. Wogula atha kubweza buku, pa Kindle pali mpata wa masiku 7 wobwezera ebook. Buku lapepala litha kuodedwa lero koma nkuwerengedwa tsiku lomwe lasindikizidwa nkutumizidwa, mwinanso mwezi wotsatira. Masitolo ena amatumiza malipoti tsiku lililonse, ena kamodzi pamwezi. Ndalama zimasinthidwa kuchoka mu euro kapena mapaundi kupita mu ndalama ya wolemba pa mtengo wa tsiku lolipira osati tsiku logulitsa. Msonkho umadulidwa, mwachitsanzo America imagwira 30% pa ma royalty a munthu wakunja pokhapokha dziko lake lili ndi pangano la msonkho lochepetsa zimenezi ndipo wadzaza fomu ya msonkho yotchedwa W-8BEN. Ndipo ngati muli ndi dongosolo lolipira potengera masamba omwe awerengedwa, ngati mmene Kindle Unlimited ya Amazon imachitira, mtengo wa tsamba limodzi sudziwika mpaka pakati pa mwezi wotsatira, nde chilichonse chomwe mukuonetsa mweziwo uli mkati ndi kulosera chabe.

Onjezerani kuchedwa. KDP imalipira pafupifupi masiku 60 mwezi utatha, kutanthauza kuti buku logulidwa pa 3 January ndalama yake imafika kumapeto kwa March. Kwa inu opanga pulatifomu izi ndi zodziwikiratu. Kwa munthu yemwe watulutsa buku loyamba, waona $120 pa skirini Lolemba, Lachitatu waona $112, mwezi nkutha ku banki kulibe kalikonse, pali tanthauzo limodzi lokha, mukumudyera.

Nde chochita ndi ichi. Poyamba, ndalama musazisunge ngati nambala imodzi yomwe mumaisinthasintha. Pangani kaundula, omwe akauntanti amati ledger, momwe chochitika chilichonse ndi mzere watsopano ndipo mzere ukalembedwa sufufutidwa kapena kukonzedwa. Buku lagulidwa, mzere. Labwezedwa, mzere wina wa minus wolozera ku woyamba uja. Msonkho wadulidwa, mzere. Sitolo yatumiza lipoti lokonzedwa patatha milungu itatu, mzere wokonza, wakale uja ukhale momwemo. Mukatere $120 ija ikatsika kufika $112 muli ndi choonetsa: mabuku awiri abwezedwa pa tsiku lakuti, kuchotsa $8. Munthu amakhumudwa inde koma sakukayikirani. Mukangosintha nambala mwakachetechete, ngakhale inuyo patatha miyezi itatu simutha kufotokoza kuti $8 inapita kuti.

Chachiwiri, uzani wolemba code wanu kuti ndalama zisasungidwe mu float, mtundu wa manambala a kadontho omwe kompyuta imasunga mongoyerekeza. Tsegulani console ya browser, malo oyeseramo code, mulembe 0.1 + 0.2, ikupatsani 0.30000000000000004, ndipo timanambala timeneti tikaunjikana pa mizere zikwi zambiri timatulukira ngati senti yosowa yomwe wolemba wina wakhama aipeza ndithu. Sungani ngati manambala athunthu a kandalama kakang'ono kwambiri, $6.78 ikhale 678, kapena gwiritsani ntchito mtundu wa decimal. Koma samalani, si ndalama zonse zili ndi manambala awiri pambuyo pa kadontho, yen ya ku Japan ilibe, dinar ya ku Kuwait ili ndi atatu, nde tsatirani ISO 4217, mndandanda wovomerezeka wa ndalama za mayiko, ndipo mzere uliwonse uzikhala ndi chizindikiro cha ndalama yake, mtengo wosinthira ndi tsiku la mtengowo. Gwirizanani kamodzi kuti kuzungulitsa manambala kuzichitika pa mzere uliwonse kapena pa chiwerengero chonse, mulembe penapake, ndipo skirini, lipoti ndi malipiro zonse zitsate lamulo limodzi lomwelo.

Chachitatu ndi nthawi. "Lero" limayamba liti? Wogula ali ku Tokyo, sitolo ikuwerengera masiku ake pa nthawi ya kwawo, wolemba ali ku London. Sungani zonse mu UTC, nthawi imodzi yomwe dziko lonse limayenderapo, sankhani nthawi imodzi yotsekera mwezi, ndipo ilembeni pa skirini pomwe pali deti. Mukapanda kutero buku logulidwa usiku wa pa 31 limaoneka mu mwezi wina pa gilafu, mu lipoti nkukhala mwezi winanso.

Chachinayi, ndipo ichi ndinachiphunzira mowawa. Ziro ndi "sitinamve kanthu" ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa pulatifomu ina yomwe ndinagwirako ntchito, lipoti la sitolo imodzi linachedwa masiku angapo, code yathu inangodzaza ma 0 m'masiku amenewo, ndipo zinagwera sabata yomwe mayi wina anali atangotulutsa buku lomwe analilemba kwa zaka. Anaona mzere wagona pansi masiku anayi otsatizana, anaimitsa zotsatsa zomwe analipira kale poganiza kuti sizikugwira, kenako lipoti litafika zinapezeka kuti imeneyo inali sabata yake yabwino kuposa zonse. Imelo yomwe anatilembera sinali yotukwana nkomwe, anangofunsa kuti bwanji simunandiuze kuti simukudziwa, ndipo tinasowa choyankha. Kuyambira pamenepo, tsiku lopanda lipoti ndimalionetsa lotuwa ndi mawu oti lipoti la sitolo yakuti silinafike, ndipo pamwamba pa tsamba pamakhala mzere wonena kuti manambala a sitolo iliyonse afika mpaka tsiku liti ndi ola lanji.

Tsopano pa skirini penipeni. Nambala yayikulu pamwamba ikhale malipiro akubwera, ndi tsiku lake: mulandira zakuti pa tsiku lakuti, za mabuku a mwezi wakuti. Iyi ndi nambala yomwe munthu angakonzere nayo moyo wake. Pansi pake, ndi zilembo zocheperako, pakhale za mwezi uno zolembedwa poyera kuti ndi zoyerekeza ndipo zitha kusintha. Musaphatikize zoyerekeza ndi zotsimikizika mu nambala imodzi olo zikuoneka zokoma bwanji. Ndikudziwa kuti a zamalonda akuuzani kuti muike "zonse zomwe mwapeza chiyambireni" pamwamba chifukwa ndi yayikulu imasangalatsa, akaneni, ipite pansi.

Nambala iliyonse idinike. Munthu akadina malipiro aone masitolo, akadina sitolo aone mabuku, akadina buku aone mizere ya mu kaundula ija, kuchokera pa mtengo wogulitsa kutsika mpaka zomwe zatsala m'manja mwake. Ngati pali malire oti ndalama zikapanda kukwana zakuti simulipira, onetsani kuti zatsala zingati kuti zikwane ndipo zosalipidwazo zasungidwa sizinasowe. Ngati malipiro aima chifukwa fomu ya msonkho yatha ntchito kapena banki yabweza ndalama, chimenecho chikhale chinthu choyamba kuoneka munthu akalowa, pamwamba pa china chilichonse, osati kabelu kakang'ono pakona komwe palibe amakadina. W-8BEN imatha mphamvu pakadutsa zaka zitatu kuchokera kumapeto kwa chaka chomwe inasainidwa, nde yambani kukumbutsa miyezi isanakwane.

Pali mwezi wina womwe muyenera kuujambuliratu: mwezi wa minus. Munthu anagulitsa bwino December, mwalipira, January mabuku obwezedwa aposa ogulidwa. Dashibodi ionetsa chani? Ngati simunaganizire, ionetsa -$14 yofiira popanda mawu alionse ndipo munthu aganiza kuti ali ndi ngongole yoti mubwera kudzatolera. Lembani kuti ichotsedwa pa malipiro otsatira, basi. Ndipo ngati buku lili ndi olemba awiri kapena womasulira yemwe ali ndi gawo lake, aliyense aone gawo lake ndi peresenti yake, osati chiwerengero chonse kenako nkudabwa theka lokha litafika.

Mayeso a gawo lonseli ndi amodzi. Tengani mwezi umodzi wotsekedwa, nambala ya pa skirini, chiwerengero cha mu fayilo ya CSV (tebulo lotsegulika mu Excel) yomwe munthu wadawuniloda, ndi ndalama yomwe mwatumiza ku banki, zitatuzi zifanane mpaka senti. Zikasiyana musapitirire ku gawo 5.

5. Gilafu, imodzi yokha

Eya, imodzi. Mabuku ogulidwa tsiku ndi tsiku, timizati toimirira, ndi posankhira buku, sitolo ndi nyengo. Mabuku operekedwa ulele asiyanitseni ndi ogulidwa, chifukwa tsiku limodzi la ulele litha kutulutsa mzati wautali kwambiri moti masiku ena onse amaoneka ngati fumbi pansi. Chomwe chimapangitsa gilafu kukhala yothandiza si kukongola, ndi timizere tosonyeza zomwe wolemba anachita: apa munatsitsa mtengo, apa munasintha chikuto, apa buku lachiwiri linatuluka. Pamenepo munthu amatha kuona chomwe chinagwira.

Ganizirani munthu wa mabuku atatu ogulidwa mwezi wonse, chifukwa oterewa ndi ambiri kuposa a ma gilafu okwera omwe mumajambula mu Figma aja. Kwa iye kulemba kuti "mwatsika ndi 50%" pomwe wachoka pa awiri kufika pa limodzi ndi nkhanza chabe, manambala akachepa onetsani manambala enieniwo, maperesenti asiyeni. Ndipo woti sanagulitsepo kalikonse asaone mabokosi opanda kanthu, aone chotsatira choti achite. Mtundu wokha usamanyamule uthenga, pali anthu ambiri ndithu omwe sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, nde ikaninso mawu kapena chizindikiro, ndipo zilembo zisiyane mokwanira ndi kumbuyo kwake, malangizo a WCAG, othandiza kuti masamba a pa intaneti aziwerengeka kwa aliyense, amati kusiyanako kukhale 4.5:1 pa zilembo wamba. Mayina a ogula musaonetse, dziko lokha likwanira. Batani la CSV likhale poonekera, anthu a Excel aja sasiya Excel yawo ndipo palibe chifukwa chowaletsera.

6. Foni, mauthenga ndi akuba

Olemba amatsegula dashibodi kangapo patsiku ndipo nthawi zambiri ndi pa foni, ali pamzere kapena asanagone. Nde malipiro akubwera ndi pomwe mabuku afika zizioneka osatsetsereka pansi, ndipo zibwere msanga gilafu isanamalize kutseguka. Matebulo a mizati khumi pa foni asandutseni timakadi.

Mauthenga tumizani pa zinthu zomwe munthu ayenera kuchitapo kanthu kapena zomwe wakhala akudikira, buku latuluka, buku labwezedwa, ndalama zatumizidwa, ndalama zakanika. Zina zonse asankhe yekha.

Tsamba losinthira akaunti ya ku banki ndi lomwe akuba amalifuna, chifukwa akalowa safuna mabuku, amangosintha komwe ndalama zikupita nkudikira tsiku lolipira. Pamenepa pemphaninso pasiwedi ndi nambala yachiwiri yotsimikizira, tumizani uthenga ku imelo yomwe yakhala pa akauntiyo kuyambira kale, ndipo malipiro aime masiku angapo zitasinthidwa. Anthu adandaula kuti mukuwachedwetsa, asiyeni adandaule. Chinanso, dzina lenileni la munthu lomwe lili pa fomu ya msonkho lisatulukire pena paliponse pomwe owerenga angalione. Ena amalemba ndi dzina lina pa zifukwa zazikulu kwambiri, nde bokosi la dzina la pa chikuto musalidzaziretu ndi dzina la pa akaunti.

7. Yesani ndi data yonyansa

Musanatulutse, pangani maakaunti abodza oyesera ndipo akhale ovuta dala. Ina yopanda buku, ina ya buku limodzi lokanidwa kawiri, ina ya mabuku 400 ndi mayina asanu ndi limodzi. Ikani buku la mutu wautali mizere itatu, dzina la wolemba lokhala ndi ŵ kapena é, mutu wa m'Chiarabu womwe umawerengedwa kuchokera kumanja. Dawunilodani CSV muitsegule mu Excel muone ngati zilembo zija zatuluka bwino, kawirikawiri zimasanduka tizizindikiro tachilendo mpaka mutaika BOM ya UTF-8, kachizindikiro kouza Excel mmene iwerengere zilembo, kumayambiriro kwa fayilo. Onaninso mzati wa ISBN, Excel imakonda kusandutsa manambala 13 aja kukhala 9.78E+12 ndipo munthu akasunga fayiloyo motero manambala akumapeto amatayika.

Kenako itananinso asanu aja. Apatseni akaunti ya mwezi wa minus, yomwe lipoti la sitolo imodzi lachedwa ndipo fomu ya msonkho yatsala milungu iwiri kuti ithe, muwafunse funso limodzi: mulandira zingati, liti, ndipo nchifukwa chani zili choncho? Inu khalani chete, manja kumbuyo, olo muone kuti akudina polakwika musawathandize. Lembani pomwe chala chawo chaima kaye asanadine, ndi mawu aliwonse omwe awerenga kawiri, mawa lake mukayambire pamenepo.